Kodi Mawu Ofanana Ndiye Nzeru Imodzi? Kuunika Njira ya Bambo Alexis Kagame ndi Zinenero za ku Chembe ndi ku Samoa

Buku la Bambo Alexis Kagame lotchedwa La philosophie bantu comparée, limene linasindikizidwa ku Paris mu 1976, ndi limodzi mwa mabuku amene wophunzira filosofi ya mu Afrika sangawalambalale. Mlembi wake anali wansembe wa ku Rwanda, amene anabadwa mu 1912, nadzozedwa mu 1941, namwalira mu 1981. Maziko a ntchito yake anawaika mu 1956, m'buku lofufuza Chinyarwanda chokha; patapita zaka 20 anatambasula khoka lake kuti likokolole zinenero pafupifupi 180 za anthu otchedwa Abantu. Ganizo lalikulu la bukuli n'lakuti popeza zinenero zonsezi n'zofanana m'mawu ndi m'kamangidwe, eni ake ali ndi filosofi imodzi, ndipo filosofiyo tingaiwerenge m'galamala yawo.

Ganizo limeneli likutikhudza ife ansembe ndi inu amene mukukonzekera unsembe, chifukwa ngati n'loona, ndiye kuti wodziwa bwino Chichewa wadziwa kale mtima wa Myao, Mlomwe, Msena ndi Mtumbuka, ndipo katekisimu mmodzi angakwanire onse atangosintha katchulidwe ka mawu. Ndifuna kuliyesa pa miyeso iwiri. Woyamba ndi zinenero za kuzilumba za Polynesia, makamaka Chisamoa ndi abale ake, pakuti kumeneko chibale cha zinenero chimaonekera poyera kuposa kwina kulikonse, ndipo poti nkhaniyo si yathu tingaiweruze mtima uli m'malo. Wachiwiri ndi kalankhulidwe ka ku Chembe, kummwera kwa nyanja yathu, kumene Chinyanja, Chiyao, Chitonga ndi Chitumbuka zimamveka pa gombe limodzi.

Zimene Kagame anaphunzitsa

Amene anatsegula njira ndi Bambo Placide Tempels, wa chipani cha Fransisko Woyera, amene anagwira ntchito pakati pa Aluba ku Katanga. M'buku lake la mu 1945 iye anati kwa Abantu kukhalapo kwa chinthu ndi mphamvu ya moyo imene ili mwa chinthucho. Kagame anaona kuti mawu aakulu otere amafuna umboni wogwirika, ndipo umboniwo anaufuna m'chinenero. Anatenga tsinde lakuti -ntu, napeza kuti m'Chinyarwanda limabala mawu anayi: umuntu, chokhalapo chimene chili ndi nzeru, ikintu, chokhalapo chopanda nzeru, ahantu, malo pamodzi ndi nthawi, ukuntu, mkhalidwe kapena mchitidwe wa chinthu. M'magulu anayi amenewa anagawiramo magulu khumi aja a Aristotle amene tonse tinawaloweza m'chaka choyamba cha filosofi. Mulungu anamuika kunja kwa magulu onsewo, nati Iye sali m'gulu la ma-ntu, koma ndiye amene analipo kale zonse zisanakhaleko.

Tisafulumire kupeputsa ntchito yotere. Pa nthawi imene ambiri ankati munthu wakuda saganiza mwadongosolo, wansembe ameneyu anaonetsa kuti zinenero zathu zimasiyanitsa zinthu mosamala, ndipo anachita zimenezi ndi zitsanzo zimene wina aliyense angathe kuziyesa. Chimene ndikukayikira ndi mlatho umene anaumanga kuchokera ku kufanana kwa mawu kukafika ku umodzi wa maganizo.

Chibale chenicheni cha mawu

Mu 1769 Tupaia, wansembe wa chipembedzo cha makolo ndiponso katswiri wa maulendo a panyanja wa pachilumba cha Raiatea, anakwera sitima ya James Cook. Atafika ku New Zealand mu Okutobala chaka chomwecho, analankhula ndi Amaori ndipo anamvana, ngakhale kuti mitundu iwiriyi inali itasiyana kwa zaka mazana ambiri. Kuchokera ku Hawaii kukafika ku New Zealand pali mtunda woposa makilomita 7,000, koma mawu ake amayankhana ngati a midzi yoyandikana. Nyumba m'Chisamoa ndi fale, m'Chimaori whare, m'Chihawaii hale. Kumwamba m'Chisamoa ndi lagi (g wawo amamveka ngati ng' wa mu ng'ombe), ku Tonga langi, m'Chimaori rangi, m'Chihawaii lani. Munthu ndi tagata ku Samoa, tangata ku Tonga ndi kwa Amaori, kanaka ku Hawaii.

Chofunika kuposa kufananako ndi dongosolo la kusiyana kwake. Pamene Atonga a kuzilumba ndi Amaori ali ndi k, Asamoa ndi Ahawaii amangodula mpweya pakhosi: nsomba ndi ika kwa oyambawo, iʻa kwa enawo, bwato ndi vaka ku Tonga, waka kwa Amaori, vaʻa ku Samoa, waʻa ku Hawaii. Pamene ena onse ali ndi t, Ahawaii ali ndi k: chinthu choletsedwa ndi tapu kwina, kapu ku Hawaii. Kusintha kobwerezabwereza kotere sikungachitike mwangozi. Kumatsimikiza kuti zinenerozi zinatuluka m'chinenero chimodzi, chimene chinakula ku Tonga ndi ku Samoa, zilumba zimene anthu anafikako zaka pafupifupi 2,800 zapitazo.

Tikabwera kwathu tipeza dongosolo lomwelo pakati pa Chinyanja ndi Chiyao. Pamene Mnyanja atchula nth, nkh, mph, Myao atchula nd, ng, mb: munthu ndi mundu, nthawi ndi ndaŵi, nkhuku ndi nguku, mphepo ndi mbepo. Pamene ife tili ndi z, iwo ali ndi s: mbuzi ndi mbusi, mwezi ndi mwesi. M'gulu la Li-Ma, Chiyao chinasunga li- amene Chinyanja chinamutaya n'kuumitsa chiyambi cha dzina: tsamba ndi lisamba, tsiku ndi lisiku, ndipo pochulukitsa tonse timakumana pa masamba ndi masiku. Bwato umene msodzi wa ku Chembe amapalasa popita ku Thumbi kapena ku Domwe, Myao amati wato, Mbemba ubwato, ndipo pa mtsinje wa Congo olankhula Lingala amati bwato monga ife. Wilhelm Bleek mu 1862, Carl Meinhof mu 1899 ndi Malcolm Guthrie pakati pa 1967 ndi 1971 anakhazikitsa chibale chimenechi mwakuti palibenso wochitsutsa. Pamenepa Kagame aima pa thanthwe.

Komabe si kufanana kulikonse kumene kuli chibale. Kwina ndi kubwereka: nsapato ndi kalata tinazitenga kwa Apwitikizi, ndipo ngati Msamoa akuti Ekalesia ife n'kumati Eklezia, chifukwa chake n'chakuti tonse tinalandira liwu la Chigriki kudzera mwa amishoni. Kwina ndi ngozi chabe: Atonga a ku Nkhata Bay ndi Atonga a m'nyanja ya Pacific sali pachibale chilichonse, monganso Deus wa Chilatini ndi Theos wa Chigriki sachokera ku tsinde limodzi, ngakhale khutu lingakane kukhulupirira zimenezo.

Pamene chibale chilekezera

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Pa zinenero mwambiwu ndi woona ndithu, pakuti mafupa a mawu amakhala zaka zikwi. Koma tanthauzo ndi mnofu, ndipo mnofu umasintha ndi chakudya cha dziko limene munthu akukhala. Mswahili akati mwana wake akukonda, akudandaula kuti mwanayo akuwonda. Mshona akapempha mvura, akufuna madzi akumwa, ngakhale kunja kuli ng'amba. Pa mawu a tsiku ndi tsiku zoterezi zimangoseketsa. Pa mawu a chipembedzo zingasokeretse mpingo wathunthu.

Taonani dzina limodzi ku Polynesia. Ku Samoa, Tagaloa anali mlengi, wokhala kumwamba, wamkulu pa milungu yonse. Ku Tahiti, Taʻaroa analinso mlengi. Kwa Amaori, Tangaroa ndi mwini nyanja ndi nsomba, mmodzi chabe mwa ana a Rangi ndi Papa, ndiye kuti Kumwamba ndi Dziko. Ku Hawaii, Kanaloa ndi mmodzi mwa milungu ikuluikulu inayi. Malamulo a katchulidwe amene tawaona aja akutsimikiza kuti dzinali ndi limodzi, koma amene anganene kuti mitundu inayi yonseyi inali ndi chiphunzitso chimodzi cha mlengi chifukwa cha dzinalo, walakwa ngakhale galamala yake ili yolondola. Chimodzimodzi liwu lakuti aitu: ku Samoa ndi mzimu kapena mzukwa, pamene m'Chimaori limanena chiwanda, nthenda kapena chovuta chogwera munthu, ndipo aituā ndi ngozi kapena tsoka.

Chitsanzo chomalizachi chili ndi mnzake pa gombe lathu lomwe. Mwa lamulo lija la tsamba ndi lisamba, tsoka la Chinyanja likuyang'anizana ndi lisoka la Chiyao. Koma tsoka kwa ife ndi choipa chogwera munthu, pamene lisoka kwa Ayao ndi mzimu wa munthu, ndipo masoka amanenanso misala. Nkosavuta kuona njira imene tanthauzo linayenda, pakuti kumene anthu amakhulupirira kuti mizimu yokwiya imagwetsa mavuto, dzina la wogwetsa lingasanduke dzina la chogwetsedwacho. Komatu lero mawu awiriwa sanena chinthu chimodzi. Wansembe amene pa maliro a banja la Chiyao amva akuluakulu akutchula masoka, iye n'kuganiza kuti akungolira tsoka limene lawagwera, waphonya nkhani imene ikuwavuta mumtima, ndiyo ya kumene wakufayo ali ndi zimene angachite kwa otsala.

Dzina lenileni la Mulungu lili ndi mbiri yotere. Ife timati Mulungu, Ayao Mlungu, Alomwe Muluku, Aswahili Mungu. Koma Duff Macdonald, wa mishoni ya Blantyre, m'buku lake Africana la mu 1882, ndi Alexander Hetherwick m'nkhani yake ya mu 1902 yonena za zikhulupiriro za Ayao, onse awiri analemba kuti pakati pa Ayao a masiku amenewo mzimu wa munthu wakufa, umene abale ake ankaupembedza, unkatchedwanso mulungu, pambali pa Mulungu wamkulu amene analenga zonse. Achewa anali ndi mayina enanso, Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi, lililonse ndi mbali yake. Lero Mkhristu ndi Msilamu wa ku Mangochi akatchula Mulungu sanenanso mzimu wa kholo, ndipo chimene chinachititsa kusinthaku ndi zaka zoposa 100 za ulaliki, mapemphero, sukulu ndi madrasa. Zomwezo zinachitika ku Samoa kuyambira pamene John Williams wa London Missionary Society anafikako mu 1830 ndi aphunzitsi ochokera kuzilumba zina za Polynesia: liwu lakuti atua, limene linkanena milungu yambiri, linasanduka dzina la Mulungu mmodzi. Tanthauzo la liwu lili ndi mbiri, ndipo mbiriyo siipezeka m'tsinde.

Kodi magulu a mayina ndi magulu a zinthu?

Tsono tibwere pa mtima wa njira ya Kagame. Mu 1958 Émile Benveniste anaonetsa kuti magulu khumi a Aristotle amatsata kwambiri kamangidwe ka Chigriki. Kagame anali atachitira kale Chinyarwanda zimene Aristotle anachitira Chigriki; akanatha kutengapo chenjezo, koma m'malo mwake anayesa zinenero zina zonse pa muyeso wa kwawo. Paulin Hountondji ndi Fabien Eboussi Boulaga anadzudzula kaganizidwe konse kofuna filosofi ya mtundu wathunthu imene ilibe mwini woiganiza. Ine ndikhala pa umboni wa galamala womwewo umene Kagame anaudalira.

Munthu ndi chinthu tili nazo, monganso Ayao ali ndi mundu ndi chindu. Koma m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku ka ku Chembe simumveka liwu limodzi la tsinde la -nthu lophatikiza malo ndi nthawi. Pali malo, pali nthawi, mawu awiri osiyana. Ndiponso magulu athu a mayina sagawa zolengedwa monga momwe filosofi ifunira. Galu ali m'gulu limodzi ndi munthu: timati galu wabwera, agalu abwera. Mfumu, imene nzeru zake zimaweruza mudzi, imayenda ndi agwirizanitsi a mbuzi ndi nyumba: mfumu yabwera. Mzimu uli m'gulu la Mu-Mi pamodzi ndi mtengo, mpando ndi mtondo. Kodi tinene kuti makolo athu ankayesa galu cholengedwa chanzeru, mfumu chinthu wamba, mizimu ya makolo ngati mitengo? Palibe Mchewa angavomere. Kagame ankadziwa kuti magulu a galamala ndi ochuluka kuposa magulu ake anayi, ndipo anati gulu la chinthu limadziwika pofunsa chimene chinthucho chili. Koma akatero ndiye kuti woweruza salinso galamala. Ndi munthu amene akuyankha funsolo, ndipo munthuyo ayenera kufunsidwa m'mudzi mwake.

Ife eni ake timakhota galamala chikhulupiriro chikafuna. Polalika timati Mzimu Woyera amatitsogolera, osati umatitsogolera, pofuna kuonetsa kuti tikunena za Mwini, wachitatu mu Utatu Woyera. Timati Mulungu ali, monga tinenera za munthu, koma milungu yonama timaibweza ku gulu la mitengo. Apa maganizo ndiwo akulamula chinenero.

Pali mfundo ina ya Kagame yoyenera kuilingalira mofatsa. Iye anati mneni wathu wa kukhala, -li, sangaime yekha, koma amafuna kuti unene chimene uli kapena kumene uli, motero chiganizo chotchuka cha Descartes, chochotsa kukhalapo kwa munthu m'kuganiza kwake, sichingamveke m'zinenero zathu. Mbali ina akunena zoona: munthu akati ndili n'kulekeza pomwepo, timadikira kuti amalize. Koma tili ndi ndilipo, ndipo ngakhale -po anayamba ngati wolozera malo, mayi wokalamba akati Mulungu alipo palibe amene amamufunsa kuti ali pati. Akunena kuti Mulungu si nthano, ndi wamoyo, ndipo akuona. Chinenero chinapeza njira yonenera zimene eni ake anafuna kunena.

Phunziro la ku Chembe

Mudzi wa Chembe uli ndi malo ake m'mbiri ya nkhani imeneyi. Pomwepa mu Okutobala 1875 panakocheza sitima ya Ilala, ndi E. D. Young ndi Robert Laws, kudzayamba mishoni ya Livingstonia. Mmodzi wa anzawo, Alexander Riddel, anasindikiza mu 1880 galamala ya Chinyanja monga chinkalankhulidwira kunyanja. Mu Malichi 1881 anabatiza Albert Namalambe, Mkhristu wawo woyamba, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, kumene anapeza kuti Chinyanja chawo chikuwathandiza kuyamba koma Atonga ali ndi chinenero chawochawo. Ansembe a White Fathers amene anakhala kwa Mponda kuyambira mu 1889 mpaka mu 1891 anagwa m'dziko la Chiyao, m'mudzi umene Chisilamu chinali chitazika kale mizu. Onsewa anaphunzira kuti chibale cha zinenero chimafupikitsa ulendo wa wophunzira koma sichimuchotsera ntchito yophunzirayo.

Mu 1968 msonkhano wa chipani cholamula unasankha Chinyanja, pansi pa dzina lakuti Chichewa, kukhala chinenero cha dziko lonse, ndipo zinenero zina zinatsekeredwa kunja kwa sukulu ndi wailesi. Chitumbuka chinabwerera pa wailesi mu 1994, Chiyao chinayamba kumveka pa nkhani za MBC mu 1996. Zaka zimenezo zinatizoloweza kuganiza kuti aliyense amamva Chichewa, ndipo pa msika wa usipa ndi utaka n'zoonadi. Msodzi wa Chitonga wokoka chilimira ndi mayi wa Chiyao wogula nsomba amamvana bwino lomwe pa mtengo. Koma chinenero chogulira nsomba si chimene munthu amalirira nacho mwana wake, kapena kuululira nacho tchimo limene lamusowetsa tulo. Chiphunzitso chakuti Abantu onse amaganiza chimodzimodzi chingasanduke mtsamiro wa ulesi wathu, makamaka m'dayosizi ngati ya Mangochi, imene inakhazikitsidwa mu 1973 pakati pa anthu amene ambiri mwa iwo ndi Ayao ndiponso Asilamu.

Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano, m'chikalata cha Ad Gentes cha mu 1965, unanena zinthu ziwiri zimene ziyenera kuyendera limodzi. Pa nambala 22 unapempha kuti m'dera lililonse lalikulu la chikhalidwe chofanana mukhale kusinkhasinkha kwa teoloji. Pamenepa ntchito ya Kagame ili ndi malo ake. Pa nambala 26 unalamula kuti otumidwa aphunzire chinenero cha anthu awo mpaka kuchilankhula bwino ndi mosadodoma. Kadinala Pio Taofinuʻu wa ku Samoa, amene Papa Paulo VI anamukweza pa udindowu mu 1973, anasonyeza njira yake. Pofuna kuti Misa ilankhule kwa anthu ake, anatenga mwambo wa ku Samoa komweko wotchedwa ifoga, pamene wolakwa amakhala pansi atafunda mkeka wamtengo wapatali mpaka wolakwiridwa atamuvundukula, naulowetsa m'chigawo cha kulapa. Anayamba ndi chimene anthu a pachilumba chake amachita ndi kuchimvetsa, osati ndi nzeru ya Apolinesia onse yochotsedwa m'mabuku otanthauzira mawu.

Chigamulo changa pa buku la Kagame n'chotere. Monga umboni wakuti zinenero zathu ndi za banja limodzi ndiponso kuti zingathe kusenza maganizo akuya, bukuli lidakali lamtengo wapatali, ndipo aseminale aliwerenge. Monga umboni wakuti pali filosofi imodzi ya Abantu yobisika m'galamala, silikwanira, pakuti limatenga tsinde la liwu ngati kuti ndilo tanthauzo lake, ndi Chinyarwanda ngati kuti ndicho muyeso wa ena onse. Kufanizira zinenero kumatipatsa mafunso abwino: ngati tsoka ndi lisoka zinali liwu limodzi, zinasiyana bwanji, ndipo kusiyanako kukutiuza chiyani za mantha a anthu athu? Yankho lake lili m'kamwa mwa anthu amoyo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikupempha kuti mseminale aliyense wopita ku chaka cha utumiki m'maparishi a kunyanja atenge kope, alembemo mawu amene akumva pa maliro, pa milandu, pa chinamwali ndi pa gombe, makamaka onena za mzimu, tchimo, kukhululuka, dalitso ndi tsoka. Alembe amene wanena, pa mwambo wanji, m'chinenero chiti, ndipo afunse akuluakulu chimene akutanthauza asanatsegule buku lililonse. Amene atumizidwa pakati pa Ayao aphunzire Chiyao, ndipo ampatse nthawi yochiphunzirira. Makope otere akasonkhanitsidwa kwa zaka zingapo, aphunzitsi a filosofi ndi teoloji adzakhala ndi poyambira pooneka, ndipo pamenepo tidzatha kunena ndi umboni zimene Achewa, Ayao, Atonga ndi Alomwe amagwirizana, ndi zimene aliyense wa iwo akubweretsa yekha ku Eklezia.